Mayi anga akutaya magazi chonsecho anasiya kale kupita kumwezi, ndipo akukana kuchipatala: ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina, Chinamwali:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa amayi akuluakulu ndi anamwino amene muli pagulu lino. Ndapempha kuti dzina langa lisaoneke chifukwa nkhaniyi ikukhudza mayi anga ondibereka, ndipo iwo sangakondwe atamva kuti ndaitulutsa kunja kwa banja, koma ndafika poti sindingathenso kuisunga ndekha.

Mayi ali ndi zaka 58 ndipo amakhala kumudzi chakufupi ndi Jali, pamene ine ndili m'tauni muno ndi banja langa. Anasiya kupita kumwezi zaka zambiri zapitazo. Nditapita kukawathandiza kukolola, ndinapeza kuti anang'amba chitenje chakale n'kupanga tinsalu, ndipo tinsaluto amatichapa usiku anthu onse atagona n'kutiyanika pa chingwe cha kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo. Nditawafunsa mwaulemu anayamba azemba, kenako anaulula kuti magazi anayamba kuoneka nthawi ya dzinja, sachuluka koma amabwera n'kusiya, ndipo masiku ena kumatuluka madzi a fungo loipa. Kumisonkhano ya Mvano anasiya kupita, m'tchalitchi amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo kudimba amaweruka msanga akudandaula msana ndi m'chinena.

Ndawapempha kuti tipite kuchipatala koma akukanitsitsa. Nthawi zina amanena kuti ndi mauka, nthawi zina amati pali amene wawachita chipongwe chifukwa cha mkangano wa malire a munda, ndipo pakadali pano akumwa mizu imene anapatsidwa ndi mayi wina wa m'mudzimo. Koma mmene ndikuonera ine, chimene chawagwira kwambiri ndi manyazi ndi mantha. Anandifunsa kuti, "Msinkhu wanga uno ndikavulire mnyamata wofanana ndi mwana wanga?" Anandikumbutsanso za mnzawo wina amene anapita kuchipatala akuyenda yekha, anauzidwa kuti ndi khansa, ndipo sanathe chaka.

Kodi zizindikiro zimenezi ndi za khansa ya khomo la chiberekero? Tiyambire kuchipatala chaching'ono cha kwathu kapena tilunjike ku Zomba Central Hospital? Nanga munthu wamkulu chonchi ndingamukope bwanji popanda kumuchotsera ulemu, ndipo kodi n'koyenera kuti ndiwauze atsibweni, amene ndi mwinimbumba, mayi asanandilole? Ndionjezenso kuti ine ndili ndi zaka 34, sindinayezetsepo khomo la chiberekero, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9 amene bambo ake akukayikira zoti abayidwe katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero.

Namwino mzamba wopuma ntchito, Matawale:

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa. Palibe munthu, ngakhale dokotala wodziwa bwanji, amene angakuuzeni pa foni kuti iyi ndi khansa kapena ayi. Koma chimene tonse a za uchembere tinaphunzitsidwa n'chakuti magazi alionse otuluka mwa mayi amene anasiya kupita kumwezi, ngakhale kadontho kamodzi pa nsalu, ayenera kufufuzidwa osadikira kuti achuluke. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chosaopsa, monga kuuma ndi kupyapyala kwa khungu la m'kati chifukwa cha msinkhu, kapena kanyama komera m'chiberekero kamene kamachotsedwa mosavuta. Koma ingathenso kukhala khansa ya khomo la chiberekero, kapena khansa ya m'kati mwa chiberekero mwenimwenimo, imene imakonda amayi a msinkhu wa mayi anuwo. Madzi onunkha ndi kupweteka kwa msana kumene mwatchulako n'zimene zikundichititsa kunena kuti mwezi uno usathe asanaonedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse bwino. Kuyeza kwa viniga, kumene achipatala amakutcha VIA, kunakonzedwera amayi amene sakumva kudwala kulikonse, makamaka a zaka za pakati pa 25 ndi 49. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, amadikira ngati mphindi imodzi, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera mbee. Kwa mayi amene anasiya kupita kumwezi, malo amene khansa imayambirawo amakhala atalowa m'kati mwa khomolo, choncho viniga angathe kusaonetsa kanthu chonsecho vuto lilipo, komanso viniga saona za m'kati mwa chiberekero. Tsono mayi anu asakangoima pa mzere wa oyezetsa n'kubwerako atauzidwa kuti zili bwino. Mukafika, mukanene momveka kuti anasiya kupita kumwezi kalekale ndipo akutaya magazi, kuti akawapime mokwanira, awaunike m'mimba ndi sikani, aone ngati magazi m'thupi sanachepe, ndipo ngati paoneka chokayikitsa adule kanyama kakang'ono kokayeza ku labotale. Kanyama kameneko ndi kamene kamapereka yankho lenileni.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu, mutenge buku lawo la kuchipatala, ndipo mupemphe kalata yowatumiza ku Central, chifukwa kumeneko n'kumene amatha kuchita zonse ndatchulazi. Za manyazizo, n'zololedwa kupempha kuti awaone munthu wamkazi ngati alipo, ndiponso kuti inu kapena mayi wina amene iwo amamukhulupirira akhale nawo m'chipindamo. Auzeninso kuti savula zonse, amagona atafunda chitenje chawo, ndipo kachitsulo kamene amayi ambiri amakaopa kamangotsegula njira kuti woyeza aone, sikadula kanthu ndipo sikatulutsa chiberekero monga momwe mphekesera zimanenera.

Mnzawo uja sanamwalire chifukwa chouzidwa dzina la matenda ake. M'zaka zimene ndinagwira ntchito, amayi ambiri ankafika kwa ife matenda atafalikira kale mpaka kuchikhodzodzo, atachapa nsalu mobisa chaka chathunthu kapena ziwiri, monga momwe mayi anu ayambiramu. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yavuta kwambiri padziko lonse lapansi, moti chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ikapezeka isanafalikire, opareshoni imatha kuichotsa munthu n'kuchira.

Bambo wa ku Songani:

Achemwali, ine ndikuona kuti kukambiranaku kukutayitsani nthawi. Auzeni kuti mukupita nawo kukayezetsa BP ndi shuga basi, ndipo mukafika mukanong'oneze namwino zoona zake. Akalowa m'chipinda sangathawenso, ndipo pambuyo pake adzakuthokozani.

Mayi wa Mvano, Domasi:

Bambo a ku Songani, ndikudziwa kuti mwalankhula chifukwa cha chifundo, koma ndiloleni nditsutsane nanu. Matendawa si a ulendo umodzi. Akadula kanyama padzafunika kubwereranso kukamva zotsatira, mwina kupita ku Blantyre, mwina kugonekedwa kumene. Mayi amene wanamizidwa ulendo woyamba sadzakweranso minibasi ndi mwana wakeyo, ndipo adzayamba kubisa ngakhale zimene anali ataulula kale. Komanso achipatala sangapime munthu wamkulu wamutu wake iye asanavomere.

Mwana wanga wa ku Chinamwali, pa chikhalidwe chathu mayi savutika kumva malangizo a za kumusi akachokera kwa mnzake wa msinkhu wake, koma akachokera kwa mwana amene anamusintha matewera amaona ngati wavulidwa. Kuti anakuululirani inu ndi chinthu chachikulu kale, musachipeputse. Funani munthu mmodzi yekha, kaya mkulu wawo, kaya mtsogoleri wa amayi kumpingo amene amasunga chinsinsi, makamaka amene anagonapo yekha pa bedi loyezera lija, kuti akacheze nawo awiriwiri. Koma muyambe mwawapempha mayi anu kuti, "Mungandilole ndiwauze akutiakuti kuti atithandize?" Akasankha okha munthuyo, ulendo wayamba.

Atsibweni anu ayenera kudziwa kuti mlongo wawo akudwala ndipo akufunika ku Central, chifukwa pa thiransipoti ndi pa zosankha zazikulu simungawadumphe, komanso ndi iwo amene angaletse kuti nkhani ya malire a mundayo isasanduke kulozana zala za ufiti pamene wodwala akufooka m'nyumba. Koma za nsalu ndi za fungo si zoti amve iwo, pokhapokha mwini wake atafuna. Za mizuyo musawakalipire, chifukwa mukatero azingomwa mobisa. Chimene muyenera kuwaletsa mwamphamvu ndi kuika mankhwala alionse kumusi, popeza ngati pali chilonda angathe kutaya magazi ambiri. Kupemphera tipemphera nanu, ndipo ife kuno timapemphera m'mawa n'kunyamuka pagulu kupita kukayezetsa tsiku lomwelo, kuti pasakhale mayi wolozedwa chala kuti wapita yekha chifukwa akudwala.

Mlangizi wa zaumoyo, dera la kunyanja ya Chilwa:

Popeza mwatchula Jali ndi dimba, ndionjezepo za likodzo. Anthu ambiri amadziwa kuti likodzo ndi kukodza magazi basi, koma kwa amayi amene amachapa, kusamba ndi kulima mpunga m'madambo, mazira a nyongolotsi zake amatha kukhazikika pa khomo la chiberekero n'kuyambitsa tizilonda, chikazi chachilendo ndi kutaya magazi pokhala malo amodzi ndi bambo, moti nthawi zina poyang'ana zimafanana ndi khansa. Muwauze achipatala kuti mayi amagwira ntchito m'madzi. Koma chonde musangowapezera mapiritsi a likodzo otchedwa praziquantel n'kukhala pansi kuti mwathana nazo, chifukwa munthu angathe kukhala ndi likodzo ndi khansa nthawi imodzi.

Za mauka ndiyankhulepo mosabisa, chifukwa ndimakumana nazo m'midzi. Kuyabwa kosatha, chotupa kapena chilonda chosapola kumaliseche kwa mayi wachikulire si zoti zidulidwe ndi lezala kuseri kwa nyumba, popeza ilipo khansa ina imene imayambira pakhungu la kunjako. Ilinso ina ya m'thumba la mazira imene sioneka ndi viniga n'komwe, ndipo zizindikiro zake ndi mimba kufufuma kosalekeza, kukhuta munthu atangodya pang'ono, kukodza pafupipafupi ndi kuonda. Muwafunse mayi ngati akumva zoterezi kuti mukanenere limodzi.

Akadula kanyama, musachoke musanafunse tsiku lodzamva zotsatira ndi chipinda chodzafikira, ndipo zilembedwe m'buku. Tsikulo likakwana pitani ngakhale asanakuimbireni foni, ndipo mukapeza kuti sizinatuluke funsani tsiku lina. Amayi ambiri amatayika pakati pa kuyezedwa ndi kumva zotsatira.

Bambo wa ana atatu, Sadzi:

Ine ndiyankha gawo lanu la inu eni, mayi, chifukwa ndikuopa kuti pothamanga ndi mayi anu mudziiwala. Akazi anga anayezetsa atapita kusikelo ya mwana, anawapeza ndi malo oyera pa khomo la chiberekero, ndipo anawathandiza tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha malowo. Anawauza kuti si khansa, koma ndi chiyambi chimene chikanatha kudzasanduka khansa patapita zaka. Kunkatuluka madzi kwa milungu ingapo, tinauzidwa kuti tisakhale malo amodzi kwa milungu inayi, ndipo anabwerera kukaonedwanso patatha chaka n'kupezeka kuti papola. Mwana wathu wachitatu anabadwa pambuyo pa zimenezi, choncho zoti kutenthako kumatseka kubereka ndi bodza.

Kwa abambo anzanga amene mukuwerenga mwakachetechete, mkazi akapezeka ndi vutoli sizitanthauza kuti wayenda njira. Kachirombo ka HPV kamene kamayambitsa khansayi n'kofala kwambiri moti pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakatenga nthawi ina pa moyo wake, ndipo ife amuna timakhala nako osaona chizindikiro chilichonse. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha, koma kakakhazikika kamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kafike pa khansa, choncho palibe amene anganene kuti kanabwera ndi ndani kapena liti. Milungu inayi ija ndi yoti chilonda chipole, ndipo mwamuna wokakamiza mkazi wake nthawi imeneyo akumuvulaza.

Mayi wa ku Thondwe:

Ndine mmodzi mwa amene timamwa ma ARV ndipo sindichita nazo manyazi. Ife chiopsezo chathu chodwala khansa ya khomo la chiberekero ndi chachikulu kasanu ndi kamodzi kuposa amayi amene alibe HIV, ndipo kwa munthu amene chitetezo chake chatsika matendawa amatha kufika pa khansa m'zaka 5 mpaka 10 zokha. N'chifukwa chake timayezedwa pafupipafupi kuposa anzathu, nthawi zambiri komwe timalandirira mankhwala konko. Mayi anu akavomera, ayezetsenso magazi, chifukwa zimathandiza madokotala kudziwa mowathandizira, ndipo msinkhu sutchinjiriza munthu ku HIV.

Mphunzitsi wa pulayimale, Malosa:

Bambo a mwanayo muwauze kuti katemerayu si wachilendo kuno kwathu. Zomba ndi Rumphi ndi maboma amene anayamba kupereka katemera wa HPV mu 2013, dziko lonse lisanayambe mu 2019. Atsikana amene ndinawaona akubayidwa nthawi imeneyo atavala mayunifolomu, tsopano ndi akuluakulu, ndipo ena ndimakumana nawo pamsika ali ndi ana kumbuyo, kotero mphekesera yoti katemerayu amaumitsa chiberekero ilibe poimira. Amateteza ku mitundu ya HPV yotchedwa 16 ndi 18, imene imayambitsa pafupifupi khansa 70 mwa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Amaperekedwa pa zaka 9 chifukwa amagwira bwino ntchito mwana asanakumane ndi kachiromboko, osati chifukwa choti wina akumuganizira zoipa mwanayo. Ndi waulere m'zipatala za boma. Akadzakula adzafunikabe kuyezetsa, popeza katemerayu sateteza ku mitundu yonse.

Mayi wa ku Mpondabwino:

Ndinadwazika mkulu wanga matenda omwewa, ndipo ndikulemba izi osati kuti ndikuopsezeni, koma kuti yankho likadzakhala lowawa mudzadziwe kuti thandizo silithera pomwepo. Ife tinatumizidwa ku Queens ku Blantyre, kumene bungwe la madokotala la MSF linayamba kugwira ntchito ya khansa ya khomo la chiberekero pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo mu 2018. M'wodimo ndinaona amayi amene anafika msanga akuchitidwa opareshoni n'kubwerera kwawo. Mkulu wanga anafika mochedwa, koma sanasiyidwe. A chisamaliro chochepetsa ululu anatipatsa morphine wamadzi amene ankamwa pa nthawi yake usana ndi usiku, osadikira kuti ululu uyambe, ndipo anayambanso kugona tulo ndi kudya phala. Anatipatsanso mankhwala ochepetsa fungo, ndipo ichi chinamubwezera ulemu kuposa china chilichonse, chifukwa anayamba kulola kuti anzake alowe kudzamuona.

Khansa sipatsirana podyera mbale imodzi kapena pochapa zovala. Ndikunena izi chifukwa mwalemba kuti mayi akukhala pafupi ndi khomo m'tchalitchi, kusonyeza kuti ayamba kale kudzipatula okha. Mukapita kumudzi khalani nawo pamphasa imodzi, idyani nawo, agulireni sopo ndi zovalira zotaya kapena nsalu zofewa zokwanira kuti asamachape usiku. Ndipo kuyambira pano gawanani ntchito pabanja, wina wa thiransipoti, wina wokhala gadiyani, wina wosamala munda ndi ziweto, chifukwa mayi wa kumudzi amakana kugonekedwa akaganiza za nkhokwe ndi mbuzi zake. Gadiyani mmodzi yekha amatopa mpaka kudwala.

Membala wobisa dzina, Chinamwali:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga yankho lililonse. Ndinawaimbira mayi n'kuwapempha monga momwe amayi a ku Domasi ananenera, ndipo anasankha okha kuti ndiwauze amayi aakulu, mkulu wawo wa ku Mayaka. Iwo anapita n'kukagona konko, ndipo sindikudziwa zonse zimene anakambirana, koma mayi avomera kupita pokhapokha amayi aakuluwo akalowe nawo m'chipinda. Atsibweni tawauza kuti mlongo wawo akufunika kuonedwa ndi madokotala, ndipo alonjeza za kabaza. Bambo a mwana wanga ndawawerengera zimene aphunzitsi alemba, ndipo ati akufuna akamve okha kwa namwino, zimene ine ndaona kuti n'zabwino.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa amayi anamwino. Mayi akuti tidikire kaye magazi asiye chifukwa sangakaonekere pamaso pa anthu ali choncho. Kodi n'koyenera kudikira?

Namwino mzamba wopuma ntchito, Matawale:

Ayi mwana wanga, musadikire. Zoti mayi apite atamaliza kusamba zimanenedwa kwa amene akukayezetsa ndi viniga asakudwala, ngati inuyo, kuti khomo lioneke bwino. Kwa mayi anu magaziwo ndiwo akuwapititsa kuchipatala, ndipo woyeza akawaona zimamuthandiza kudziwa kumene akuchokera. Asambe kunja kokha monga mwa masiku onse, asatsuke m'kati kapena kuikamo kanthu, adye asananyamuke, ndipo atenge chitenje china chapadera ndi nsalu zosinthira. Mizu imene akumwayo muitenge mukaonetse. Mulembe papepala mwezi umene magazi anayamba, kuchuluka kwa nsalu zimene amasintha patsiku, ndi mankhwala ena alionse amene amamwa, chifukwa pamaso pa dokotala akuluakulu amakonda kuchepetsa nkhani. Ngati tsikulo lisanafike magazi atachuluka mpaka kutuluka zibuma, kapena atayamba chizungulire, kupuma movutikira kapena kutentha thupi, anyamukeni nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Inunso mukafika kumeneko mukafunse masiku amene amayeza khomo la chiberekero, ndipo mukalembetse dzina lanu tsiku lomwelo.